Kusunga agalu osaka mbalame eni ake akachokapo: mmene ndimachitira kuno ku Senga Bay

Disembala akamayandikira foni yanga sikhala chete. Oimba ambiri ndi anthu a ku Lilongwe amene akupita kwawo kukadyera Khirisimasi, ena ku South Africa ena ku Ulaya, ndipo akusowa kosiya galu. Zimachitikanso mu Julayi, masukulu a ana awo akatsekera. Ine ndili ndi malo a mpanda chakumtunda kwa msewu wa ku Senga Bay, ndipo mchere ndi sopo ndimapezera pa kusunga agalu a eni. Agalu olondera ndi aang'onoang'ono a m'nyumba aja savuta kwenikweni. Amene ndikufuna kulongosola pano ndi agalu osaka mbalame, aja amati akamva fungo la nkhwali amangoima chilili n'kuloza ndi mphuno: German Shorthaired Pointer, English Pointer, Vizsla wofiirira wa ku Hungary, Weimaraner wotuwa uja, nthawi zina Brittany. Anzanga ena a ku Salima kuno ndi ku Nkhotakota ayamba kuwalandira poganiza kuti galu ndi galu basi, bola nsima ndi madzi.

Makolo a agalu amenewa ankasankhidwa mibadwomibadwo kuti azithamanga tsiku lathunthu patsogolo pa mlenje wa mfuti, mphuno ili m'mwamba, kufunafuna mbalame zobisala mu udzu. Agalu athu a uzimba amathamangitsa n'kugwira. Awa ntchito yawo ndi kupeza, kuima, n'kudikira mlenje. German Shorthaired wamkulu amalemera makilogalamu 20 mpaka 32, chifuwa chakuya, mimba yolowa m'kati, ubweya waufupi, ndipo mphamvu zake sizitha msanga. Ambiri a iwo ulonda sadziwa, mlendo amamulandira ndi mchira. Mukamumangirira ndi unyolo pa mtengo wa mango monga timachitira ndi agalu olondera, sapirira. Amalira usiku wonse, amatafuna chilichonse chimene mano afikapo, amakumba. Mphuno ija ikasowa ntchito imadzipezera yokha, ndipo ntchito yapafupi kwambiri kuno kwathu ndi nkhuku za aneba. Zonse zimene ndikunena m'munsimu zikuchokera pamenepo.

Eni ake asananyamuke

Sinditsegula geti ndisanaone kabuku ka katemera. Choyamba ndimayang'ana katemera wa chiwewe, ndipo ndimafuna kuti akhale atabayidwa masiku 30 kapena kuposerapo asanabwere, osati dzulo lake pothamangira ulendo. Kenako wa parvo ndi distemper, matenda oopsa amene agalu amapatsirana. M'midzi yathu muli agalu ambiri osabayidwa, ndipo galu amene mukusunga adzakumana nawo pamsewu, mufune musafune. Mwini wake akati kabuku kaiwalika ku Lilongwe, ajambule ndi foni atumize pa WhatsApp. Akati katayika, akatenge kalata kwa dokotala amene anabaya.

Funsani tsiku lenileni limene galu anapatsidwa mankhwala a nkhupakupa ndi dzina lake la mankhwalawo. Bravecto wotafuna amagwira ntchito masabata 12, NexGard mwezi umodzi. Werengetserani nokha ngati mphamvu yake ithere m'manja mwanu, ndipo ngati ndi choncho akusiyireni ena. Dibi wa ng'ombe musamusungunule mongoyerekeza n'kusambitsa galu wa eni, amapha.

Akakhala wamkazi wosatseketsa, funsani kuti nyengo yake yofuna amuna inatha liti. Imabwera pafupifupi kawiri pachaka ndipo imatenga masabata atatu. Ikagwera pa inu, agalu onse a m'mudzi adzagona pageti panu, ndipo bere la galu ndi masiku 63 okha, mwini wake adzangofika kunyumba n'kuona mimba ikukula. Ine wamkazi amene nyengo yake yayandikira ndimamulandira pokhapokha ndili ndi chipinda chotseka cha denga.

Pali chinthu china chimene anthu amaiwala. Galu uyu Chichewa samva. Anaphunzitsidwa ndi mawu a Chingelezi, ena Chiafrikaans, ena wezulo. Ndimapempha mwini wake kuti andionetse pabwalo pomwepo mmene amamuitanira, mmene amamukhazikira pansi, mmene amamuuzira kuti asiye chinthu, ndipo ndimajambula pafoni. Kamvekedwe ka mawu ndi kayendetsedwe ka mkono n'kofunika kuposa mawuwo. Mwana wa achemwali anga amene amandithandiza naye amaonera kanemayo mpaka aloweze, kuti galu asamve zinthu ziwiri zosiyana pakhomo limodzi.

Za ndalama kambiranani zonse galimoto isanalize injini, ndipo zilembedwe pa pepala. Mtengo wa tsiku ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ndi iyi: galu akadwala usiku, ndani alipire galimoto yopita ku Lilongwe? Mungawononge ndalama zingati kwa dokotala musanawafunse? Nambala ya munthu wina amene ali m'dziko muno, woti angagamule eni ake ali m'ndege, ndi iti? Akagwira nkhuku kapena mbuzi ya munthu, alipira ndani? Ine ndimapempha ndalama yapadera yosungira zangozi, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ikapanda kugwira ntchito ndimabweza yonse. Amene akunyinyirika pa mfundo imeneyi ndimamuuza mwaulemu kuti, "Bwana, mwina musakire kwina."

Abwere ndi chakudya chake chokwanira masiku onse ndi chapadera pang'ono, kapu imene amayezera, bulangete lake losachapa, ndi malaya akale a mwini wake. Zikatheka galu adzagone usiku umodzi mwini wake asanachoke m'dziko, kuti muone khalidwe lake pamene mungathe kumubwezabe.

Mpanda ndi aneba

Mpanda wa udzu kapena wa bango kwa agalu awa ndi chitseko chotsegula. Pafunika wa njerwa kapena wa waya wolimba, wotalika mamita 1.8, ndipo pafupi nawo pasakhale mulu wa njerwa, mgolo kapena denga la khola loti akwerepo. Pansi pake thirani simenti kapena kwirirani waya, chifukwa dothi lathu la mchenga amalifukula mphindi zochepa. Mukaona wayamba kukanda malo amodzimodzi, pitani mukaone kuseri. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe: mupeza pali nkhuku yoikira, buluzi kapena una wa mbewa.

Geti likhale la pawiri, kapena pakhale kachipinda pakati, kuti lina likatseguka lina likhale lotseka. Agalu ambiri othawa sadumpha mpanda. Amadutsa m'miyendo mwa munthu amene wabwera kudzagulitsa nsomba kapena kudzapempha moto. Pa lamba wa m'khosi lembanipo nambala yanu ya foni, osati ya mwini wake amene ali ku Johannesburg.

Galu wachilendo asanafike ndimazungulira nyumba zoyandikana nazo, ndipo a mfumu nawo ndimawadziwitsa. Ndimawauza maonekedwe ake, nthawi imene ndimayenda naye, ndi kuti akamuona yekha asamugende koma andiimbire. Kuno ku Senga Bay aneba athu ambiri ndi Asilamu, ndipo kwa ambiri a iwo kunyambitidwa ndi galu kumatanthauza kukasamba ndi kuchapa asanapite kukaswali. Agalu awa amakonda kulumphira anthu mwachisangalalo. Choncho podutsana ndi munthu m'kanjira, fupikitsani chingwe, patukani ndinu, galu akhale mbali ya kutchire. Ana nawo akaona chigalu cha makutu olendewera amathawa akukuwa, iye n'kuyesa masewera. Auzeni aime phee.

Zikachitika kuti wagwira nkhuku, musadikire kuti mwini wake abwere kwa inu. Nyamulani nkhukuyo mupite nayo nokha. "Mayi, pepani, galu amene ndikusunga walakwa. Nenani mtengo, ndilipira lero lomwe." Musanenerere. Nkhuku imodzi ndi yotchipa poyerekeza ndi chidutswa cha nyama chothira tameki chimene munthu wokwiya angaponye mumpanda usiku.

Masiku oyamba

Masiku atatu oyamba galu amakhala akufunafuna njira yobwerera kwa mbuye wake. Musamumasule kunja kwa mpanda ngakhale aoneke womvera chotani. Mwina sadya tsiku loyamba, zimenezo zisakudetseni nkhawa bola akumwa madzi ndipo maso ali gwa. Vizsla ndi Weimaraner ndiwo amavutika kwambiri ndi kusiyidwa, amafuna kukhala pamwendo pa munthu nthawi zonse. Ndimawagoneka pakhonde lotchinga ndi sefa, pafupi ndi zenera la kuchipinda kwanga, pa bulangete lawo ndi malaya a mbuye wawo aja. Akamva munthu akutsokomola m'kati amakhazikika. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba, ubweya wawo waufupi suwateteza, onjezerani chofunda.

Ngati muli ndi agalu ena, akumane kunja kwa mpanda, aliyense pa chingwe chake, ayende mbali imodzi kaye asananunkhizane. Kudya aliyense payekha mpaka tsiku lobwerera.

Kumupatsa ntchito

Apa ndi pamene pagona nkhani. Galu wotere amafuna ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse akuthamanga ndi kununkhiza, ndipo kuno kwathu nthawi yake ndi m'mbandakucha. Ine ndimatuluka cha m'ma 5 koloko, asodzi a usipa akamakocheza, ndipo pofika 7 koloko ndabwerera. Ulendo wachiwiri, waufupi, ndi wa dzuwa litapendeka. Mu Okutobala ndi Novembala masiku ena kutentha kumafika madigiri 35, ndipo galu uyu sadziwa kudziletsa, amathamanga mpaka kugwa. Musanatuluke madzulo ikani kuseri kwa dzanja pa mchenga kapena pa tala. Mukalephera kupirira masekondi asanu, mapazi ake apsa.

Chida changa chachikulu ndi chingwe chachitali, mamita 10 mpaka 15, chofewa, cha mtundu umene asodzi amagwiritsa ntchito. Ndimachimanga pa lamba wa pachifuwa, osati wa m'khosi, chifukwa akathamanga n'kufika pothera chingwe khosi lingapweteke. Valani magolovesi kapena kulungani nsalu m'manja. Chingwe chotere chikasereruka mwaliwiro chimasenda khungu. Kumunda mutakolola, kapena m'mphepete mwa dambo, msiyeni ayende mokhotakhota patsogolo panu, kumanja, kumanzere, moyang'anana ndi mphepo. Umo ndi mmene magazi ake amamuuzira. Musamukokere pafupi ndi mwendo wanu ulendo wonse, akabwerera kunyumba ali ndi mphamvu zonse zimene anatuluka nazo.

Ndiye pali nthawi imene chingwe chimangoti lende, osakokanso. Yang'anani galu. Waima pamene anali, mwendo umodzi wakutsogolo wapinda m'mwamba, khosi lasololoka, mchira uli nganganga, thupi lonse louma, mphuno yokha ikugwedera. Maso ali tong'o pa chitsamba chimene inu simukuonapo kanthu. M'menemo muli nkhwali, zinziri kapena nkhanga. Musakuwe, musathamange. Pindani chingwe pang'onopang'ono mukumuyandikira cham'mbali, mugwire pafupi, mumusisite pamsana mukulankhula motsitsa. Mbalame ikauluka, iye akhale pomwepo. Kenako muyamikireni n'kumutembenuzira kwina. Mukamulola kuthamangitsa, mukuwononga zimene mwini wake anaphunzitsa kwa miyezi yambiri, komanso mukumuphunzitsa kuti cha nthenga chilichonse n'chothamangitsa, nkhuku ndi abakha omwe. Ndipo musatengeke n'kuyamba ulenje ndi galu wa eni. Kusaka ndi mfuti kumafuna ziphaso za boma, ndipo kumalo osungira nyama zakutchire a Kuti kapena kumpanda wa nkhalango ya Nkhotakota musayandikire naye n'komwe.

Chenjerani ndi zimene zili m'tchire lathu. Anyamata amatchera misampha ya waya m'tinjira ta akalulu, choncho m'thumba muzikhala pulayala. Pa lupsa la osaka mbewa pamakhala zitsa zotentha mkati ngakhale utsi utaleka. Chitedze chikakhwima, chilambalaleni. Ndiponso si kuima kulikonse kumene kuli kwa mbalame: akaima koma mutu uli pansi, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kapena kuuwa, kokani chingwe msanga, kawirikawiri imakhala njoka kapena ng'azi.

Masana, kunja kukatentha, ntchito ya mphuno imapitirira pamthunzi. Izi ndi zimene zimasiyanitsa galu wogona usiku ndi wolira usiku. Gawo lina la chakudya chake sindiika m'mbale, ndimamwaza mu kapinga kuti atole kamodzikamodzi. Nthawi zina ndimatenga sokosi yakale, kuikamo nthenga za nkhanga zimene ndimapempha kwa oweta, kuikoka pansi ndi kachingwe kuzungulira nyumba, kuseri kwa bafa, pansi pa mtengo wa ndimu, n'kuibisa pansi pa dengu. Galu amakhala atatsekeredwa kaye. Ndikamutsegulira amatsata mzere wonse mphuno ili pansi, kupuma kwake kukumveka fwe fwe fwe, ndipo akaipeza amabwera nayo kudzandipatsa m'manja. Mphindi 15 za masewera amenewa zimamugoneka kuposa kuthamanga kopanda mutu. Kuponya mpira kosalekeza ine sindikukonda, kumangomutenthetsa mutu, ndipo mukaleka amakuuwani.

Kukhala phee nakonso n'kophunzitsa. Akatha ntchito yake, apite pa mphasa yake, mumupatse chotafuna, musamulankhulenso. Tsiku likamayenda chimodzimodzi, nthawi yodzuka yomweyo, yodya yomweyo, yogona yomweyo, pakutha kwa sabata galu amakhala atakhazikika.

Usiku wa Chaka Chatsopano malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amaphulitsa makombola, ndipo ndi nyengo yomweyo ya mabingu. Musaganize kuti poti ndi galu wa mfuti ndiye saopa. Ambiri amene timasungawa mfuti sanaimvepo, ndi agalu a pakhomo chabe. Mutsekereni m'nyumba dzuwa lisanalowe, wailesi ikulira.

Za kunyanja

Eni ake amakonda kunena kuti, "Mukamusambitseko kunyanja, amakonda madzi." N'zoona, German Shorthaired amasambira bwino. Koma nyanja ino ili ndi eni ake. Pamathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua, m'mabango, ndi m'madambo muli ng'ona ndi mvuu, ndipo galu wophiriphitha m'madzi ndi chakudya chimene ng'ona imakonda. Ine ndimamulowetsa pagombe la mchenga loyera, pamene anthu amasamba tsiku ndi tsiku, dzuwa litatuluka, ali pa chingwe, ndipo ndimayamba ndafunsa asodzi ngati paoneka kanthu masiku amenewo. Madzulo kapena m'bandakucha ayi. Nyengo ya mvula, madzi akada ndi matope, ayinso.

Padoko musadutse naye. Pali mbedza zotayidwa zili ndi nyambo, zidutswa za ukonde, matumbo a nsomba owola, ndi usipa wa eni uli pa thandala pa msinkhu wa mphuno yake. Mukatuluka m'madzi pukutani m'makutu, chifukwa makutu olendewera amasunga chinyezi n'kuyamba kununkha.

Chakudya

Mupatseni chimene anazolowera, muyezo umene mwini wake ananena, kawiri patsiku. Chikatha eni ake asanabwere, musasinthe tsiku limodzi, sakanizani chakale ndi chatsopano pang'onopang'ono kwa sabata, apo ayi atsegula m'mimba. Nsima ya mgaiwa payokha imadzaza mimba koma simukwanira galu wothamanga chotere. Pamafunika nyama, mazira kapena usipa wophika wopanda mchere. Anyezi, chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa galu, choncho ndiwo zotsala zokazingira anyezi si zake. Mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya matumbo.

Anthu odutsa adzakuuzani kuti mukumumana chakudya chifukwa nthiti zakumapeto zikuoneka. Ndi mmene alili. Mukasisita muzimva nthiti koma mafupa a m'chiuno asatuluke.

Lamulo limene sindiphwanya ndi ili: asathamange ola limodzi asanadye ndi ola limodzi atadya, ndipo asamwe ndowa yonse ya madzi kamodzi akangobwera kothamanga. Agalu a chifuwa chakuya chifu chawo chimatha kudzaza mpweya n'kupotoloka. Mudzaona akuyesa kusanza koma osatuluka kanthu, dovu likuchucha, mimba yatupa ndipo yalimba ngati ng'oma, akulephera kukhala pansi. Pamenepo palibe mankhwala a pakhomo. Pafunika opaleshoni, ndipo mwatsala ndi maola ochepa. Kuchokera pa boma la Salima kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, kuchokera ku Senga Bay onjezerani ena 20. N'chifukwa chake nambala ya dalaivala amene amayankha foni pakati pa usiku iyenera kukhala pakhoma, pamodzi ndi ya dokotala wa galuyo ndi ya alangizi a ziweto a pa boma. Ku Lilongwe kuli madokotala a ziweto oyima paokha, kulinso chipatala cha bungwe losamalira nyama la LSPCA.

Manja pathupi madzulo aliwonse

Ndisanagone ndimakhala pa mpando pakhonde, tochi kukamwa, n'kumupapasa galu kuyambira kumphuno mpaka kumchira. M'makutu, pansi pa lamba, m'khwapa, pakati pa zala. Nkhupakupa igwireni pafupi ndi khungu n'kuikoka mowongoka, osaiwotcha kapena kuithira palafini. Chotsani chisoso ndi njere za udzu, makamaka m'makutu ndi pakati pa zala, chifukwa zimaboola n'kulowa m'kati. Kwezani mlomo muone nkhama. Zikhale zofiirira bwino. Mukazolowera mtundu wake ali bwino, tsiku limene zayera mudzazindikira msanga.

Matenda a nkhupakupa ndiwo amapha agalu ambiri achilendo kuno. Galu amene dzulo amakukokani, lero wagona, chakudya wakana, nkhama zayera kapena zachita chikasu, mkodzo wada. Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39.2, choncho khalani ndi choyezera chanu. Likapitirira 39.5 ali chigonere, pitani naye tsiku lomwelo akamuyeze magazi. Panado ndi Brufen musamupatse, zimawononga chiwindi, impso ndi chifu cha galu. Anzanga a ku Nkhotakota, makamaka oyandikana ndi nkhalango, muli ndi mdani wina, kashembe. Tizilombo ta kaodzera timagwiranso agalu: thupi kutentha, nkhope kutupa, maso kuchita mtambo. Muuzeni dokotala kumene galu wakhala, chifukwa wa mumzinda sangaganizire msanga za kashembe.

Nyengo ya mvula kumabwera mphutsi za pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira pa mchenga wonyowa ndi mkodzo pamthunzi, kapena pa nsalu yachinyezi. Mudzaona kachotupa kokhala ndi kabowo pakati. Pakani Vaseline pabowopo, dikirani pang'ono, finyani m'mbali, mphutsi ituluka yonse, kenako tsukani. Zofunda zake yanikani pa chingwe padzuwa, osati pansi, ndipo muzisite.

Zangozi zina ndingozitchula mwachidule. Akatenthedwa, akupuma wefuwefu lilime lili panja, akudzandira, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira pamimba, m'khwapa ndi m'khosi, mumukupize, amwe pang'onopang'ono, ndipo mupite naye kwa dokotala ngakhale aoneke kuti watsitsimuka. Njoka yolavula ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphiri ikamuluma, kawirikawiri kumaso, vulani lamba wa m'khosi kutupa kusanakule, munyamuleni asayende, musatemere kapena kumanga. Akadya tameki amachucha dovu, kunjenjemera ndi kutsegula m'mimba nthawi yomweyo. Mkaka ndi mafuta ophikira sizithandiza, dokotala ali ndi jakisoni wake, thamangani. Akalumidwa ndi galu wosadziwika, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, inu mutavala magolovesi, ndipo akaonedwe ndi dokotala ngakhale anabayitsa. Mukalumidwa ndinu, tsukani chimodzimodzi n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Chilichonse chikachitika, mwini wake amve kwa inu tsiku lomwelo. Ine ndimatumiza chithunzi kapena kakanema masiku angapo aliwonse, ndipo galu akachita kabala ndimajambula balalo, sindibisa. Foni ikhale ndi moto, magetsi kuno amazima nthawi imene mukuwafuna.

Pomubweza

Dzulo lake musambitseni, muchape zofunda, muyeze chakudya chotsala. Tsiku lobwera eni ake muyendetseni m'mawa monga mwa masiku onse ndipo musamudyetse kwambiri, msewu wokwera ku Lilongwe uli ndi makona ndipo amasanza m'galimoto. Akamva kulira kwa galimoto ya mbuye wake amapenga, choncho akhale pa chingwe mpaka geti litsekedwe.

Ndimapereka pepala lolembapo tsiku limene ndinam'patsa mankhwala, zimene anadya, nkhupakupa ngati ndinazipeza, ndi malisiti a chilichonse ndinagula. Ndimawachenjezanso kuti matenda a nkhupakupa ndi a kashembe amatha kuonekera patapita sabata imodzi mpaka atatu, ndiye akangoona kuti wafooka apite naye kwa dokotala n'kunena kuti anali kunyanja. Akachoka, khola, mbale ndi pakhonde ndimatsuka ndi sopo kaye, kenako Jik kapu imodzi pa makapu 20 a madzi, kusiya mphindi 10, kutsukuluza, n'kulola kuti paume padzuwa galu wina asanalowe. Agalu a mtundu umenewu sindilandira oposa awiri nthawi imodzi, chifukwa manja ogwira chingwe chachitali pakhomo pano ndi anga ndi a mwana wa achemwali anga basi.